Za Thobwa la pa Tsiku la Cikondwerero

Inu eni mabanja, Krisimasi ifika m'nyengo yopalira, pamene nkhokwe zayamba kutsika. Cifukwa cace lingalirani bwino cimene mudzapatsa alendo anu. Azungu kwao afinya mphesa napanga vinyo, namwa pamodzi ndi chizi. Ife tiri nalo thobwa, limene mwana ndi nkhalamba amwa osaledzera.

Mphamvu yace iri m'cimera. Bviikani mawere m'madzi usiku umodzi, muwafundike ndi masamba a nthoci kufikira atamera, ndipo muwayanike padzuwa aume gwa, nimuwasinje. Cimera cacinyontho cicita nkhungu. Cotere citayeni, musacite naco cisoni.

Amai aphike phala la mgaiwa, naliphule lipoleko. Apa ndi pamene ambiri alakwa. Phala likatentha kwambiri lipha mphamvu ya cimera. Likazizira konse, cimera cicedwa kugwira nchito. Pisani cala cosamba: cikapirira kutenthako, thirani cimera nimutakase. Mudzaona phala lirikusungunuka ndi kutsekemera lokha, pakuti cimera cisanduliza ufa ukhale shuga. Likagona usiku, m'mawa muliwiritsenso, nimulitsanulire mumtsuko wotsukidwa bwino.

Koma werengani masiku. Phala liphikidwe dzulo lace la phwando, osati mlungu wathunthu lisanafike; pakuti thobwa likakhalitsa liwawasa nilisanduka mowa, ndipo phwando lotere litsirizira kubwalo la mirandu.

Pomwa perekani cinangwa cophika. Koposa zonse mtedza wokazinga wothira mcere uyenerana nalo, popeza thobwa litsekemera.