Kamtengo ka elm pa zenera la ku Glasgow

Munthu wokulira m'munda sazolowera msanga moyo wa m'fulati ya pamwamba ku Govan kapena ku Dennistoun, kumene ulibe ngakhale kadimba kodzalapo tsabola. Mwina n'chifukwa chake ena mwa ife tagwa m'chikondi ndi bonsai, timitengo ta m'mbale tomwe amatiletsa kukula podulira mizu ndi nthambi. Lusoli linayambira ku China, koma analitchukitsa ndi anthu a ku Japan.

Kamtengo kosavuta kupeza m'mashopu a maluwa kuno ndi Chinese elm. Mitengo ya elm ili ndi mbiri yachisoni ku Britain. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, matenda a Dutch elm, omwe amafalitsidwa ndi tizilombo toboola makungwa, apha mitengo yoposa 25 miliyoni. Mtundu wa ku China umapirira matendawa. Kuno chimaupha n'chisoni chathu.

Kanga koyamba ndinakaika pafupi ndi hita, poganiza kuti kakuzizidwa ngati ine. Pofika Januwale masamba anali mbwee pansi. Mu Disembala kuwala kwa masana ku Glasgow kumangokhala maola pafupifupi 7, ndiye mukawonjezapo mpweya wouma wa hita, kamtengo kamafooka. Kaikeni pa zenera loyang'ana kummwera, m'chipinda chozizirirapo. Thirirani pokhapokha dothi la pamwamba likayamba kuuma. Mwayi wathu ndi woti madzi a m'mipope ya mbali zambiri za mzinda uno amachokera ku Loch Katrine, ndipo alibe laimu wambiri.

Poumba kamtengo, yambani ndi lumo, waya pambuyo. Kanthambi katsopano kakatulutsa masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, dulani kutsale awiri. Pamenepo pamaphuka tinthambi tiwiri, ndipo chaka ndi chaka mutu wa mtengo umathithikana ngati tsache loimika chozondotsa, maonekedwe amene ku Japan amati hokidachi, oyenerana kwambiri ndi elm. Nthambi yosamvera muikulunge ndi waya wa aluminiyamu, kenako muipinde pang'onopang'ono. Muziyendera sabata iliyonse, poti elm amanenepa msanga. Mukachedwa kuchotsa waya, amadya khungwa n'kusiya chipsera cha zaka zambiri. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, cha mu Malichi, zulani kamtengo, dulirani mizu pang'ono, n'kusintha dothi.

Koma abale anga, musalongedze dothi kapena mbande za kumudzi m'sutukesi. Malamulo a ku UK pa zomera zochokera kunja ndi okhwima, ndipo pabwalo la ndege angakulandeni.

Kuonetsa kamtengo nako n'luso. Zungulirani mpaka mupeze nkhope yake, mbali imene tsinde likuoneka bwino ndipo nsonga ikuweramira kwa inu ngati mwana wopereka moni. M'mbale kasakhale pakati penipeni. Kasendezeni pambali pang'ono. Alendo akamabwera, kakwezeni pa kathebulo kofanana ndi maso a munthu wokhala pansi, kumbuyo kuli khoma lopanda zithunzi kapena makalendala. Akapita, kabwerere pa zenera.

Kachiwiri kanga kadakali moyo. Ndikachoka ku shifiti ya usiku, ndimayamba ndagwira dothi lake ndi chala ndisanavule jekete, monga ankachitira agogo m'dimba mbandakucha.