Si Cotupa Conse ca M'mimba Cili Khansa

Anthu ambiri m'midzi ya ku Mkaika, Sinda ndi Vubwi akamva kanthu kolimba m'mimba amaganiza kuti ndi khansa kapena alodzedwa. Ena amabisa, ena amakatemetsa mphini kwa ng'anga. Komatu pali zotupa zina zimene sizifalikira m'thupi.

Cimodzi ndi lipoma, cotupa ca mafuta. Cimakhala cofewa, cimasuntha pocikankha ndi cala ndipo kawirikawiri sicipweteka. Cina ndi desmoid, cotupa colimba cimene cimamera m'minofu ya pamimba. Ici n'cosowa: pa anthu miliyoni imodzi cimagwira 2 mpaka 4 pacaka, makamaka amai a msinkhu wobereka, nthawi zina atangocira kumene kapena pacipsera ca opaleshoni.

Manja okha sangadziwe mtundu wa cotupa. Kapamba wotupa ndi malungo kapena likodzo, TB ya m'mimba ndi zotupa za m'ciberekero, zonsezi zingasokoneze wopima. N'cifukwa cace wodwala amatumizidwa ku cipatala cacikulu monga St Francis ku Katete kapena Chipata Central kukaunikidwa ndi sikani. Pakakhala kukaika, madokotala amatengako kacidutswa ka cotupaco n'kukatumiza ku labotale, monga ya ku UTH ku Lusaka. Zotsatira zimatenga masabata.

Lipoma ikakula kapena ikamasautsa imacotsedwa ndi opaleshoni, ndipo sibwereranso kawirikawiri. Desmoid ndi yosiyana: mizu yace imalowerera m'minofu, motero ikadulidwa imakonda kumeranso. Ina imaleka kukula yokha, ina imaphwa. Mu 2020 akatswiri a maiko ambiri anagwirizana kuti odwala desmoid ambiri ayambe aonedwa kaye m'malo mothamangira mpeni. Ikapitiriza kukula kapena kupweteka, pamenepo pamaganiziridwa mankhwala kapena opaleshoni, ndipo wodwala angatumizidwe ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Apa ndi pamene ambiri amataika. Akauzidwa kuti abwerenso pakapita miyezi, amati cipatala calephera, nabwerera ku mphini zimene zimangodzetsa mafinya. Kuonedwa pa masiku oikika ndi cithandizo ndithu.

Koma wodwala amene akusanza, akulephera kucita cimbudzi, akuonda, kapena cotupa cace cikukula msanga, asadikire tsiku lolembedwa pakhadi. Apite ku cipatala tsiku lomwelo.