DZUWA NDI MITAMBO: FEIRA, KABWE NDI MANCHESTER

 

Malo ali onse ali ndi mbiri yake ya nyengo. Munthu akachula Mbala, anthu amaganiza za mvula ndi mphepo yozizira. Akachula Feira, amaganiza za dzuwa loswa mtengo. Ku England munthu akachula mzinda wa Manchester, anzake amayamba kuseka za mvula yosakata. Koma mbiri yotere ndi ya pakamwa. Lero tifuna kuona ngati malo otentha ndiwo a dzuwa lambiri, ndiponso ngati malo a mitambo ndiwo a mvula yambiri. Tiyambire ku Feira.

Feira ndi dzina lakale la boma la Luangwa, pa mathiriro pamene mtsinje wa Luangwa umakumana ndi Zambezi. Patsidya pa Luangwa pali Zumbo, m'dziko la Mozambique, ndipo patsidya pa Zambezi pali Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Liwu lakuti Feira ndi la Cipwitikizi, tanthauzo lake ndi msika, pakuti m'zaka za m'ma 1700 amalonda anali kugulapo minyanga ya njovu ndi golide. Pamene David Livingstone anafika pa mathiriro amenewa mu Januwale 1856, anapeza mabwinja a nyumba za miyala, malonda aja atatha.

Pamenepa ndi pamalo potsika koposa m'Zambia monse: mamita 329 pamwamba pa nyanja yamcere. Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,280. Tsono munthu akamakwera mtunda, mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 ali onse. Cotero ngakhale dzuwa litawala mofanana ku Lusaka ndi ku Feira, ku Feira kudzatenthabe kuposa ku Lusaka ndi madigiri ngati 6. Mu Okutobala kutentha m'cigwa cimeneci kumafika madigiri 40, nthawi zina kupitirira. Apa tapeza cinthu coyamba coti tisunge: kutentha kwa malo sikutiuza maola amene dzuwa lawala. Kutentha timayesa padera, kuwala kwa dzuwa padera.

Nanga kuwala kwa dzuwa amakuyesa bwanji? Pa malo oyesera nyengo pamakhala mpira wagalasi, waukulu ngati lalanje lalikulu, woikidwa pa nsanamira poyera. Kumbuyo kwa mpirawo amaikako kapepala kolimba kolembedwa mizere ya maola. Dzuwa likawala, galasi limasonkhanitsa kuwala kwake pa kadontho kamodzi, ndipo kadonthoko kamatentha pepala. Dzuwa likamayenda, kadontho nakonso kamayenda, n'kusiya mzere wakupsa. Mtambo ukaphimba dzuwa, mzere umaduka. Dzuwa litalowa woyesa nyengo amacotsa pepala lija, nawerenga utali wa mzere wakupsa, nalemba kuti lero dzuwa lawala maola akuti-akuti. Cipangizo cimeneci anaciyamba John Francis Campbell mu 1853, ndipo George Stokes anacikonzanso mu 1879. Masiku ano malo ambiri ali ndi makina amagetsi ocita nchito yomweyo.

Mitambo amaiyesa ndi maso. Woyesa amagawa thambo lonse m'zigawo 8 mumtima mwake, nadzifunsa kuti mitambo yonse itasonkhana pamodzi ingadzaze zigawo zingati. Kukakhala kopanda mtambo amalemba 0. Mitambo ikaphimba theka la thambo amalemba 4. Ikaphimba ponse amalemba 8.

Tsopano tiwerenge pang'ono. Pa caka cimodzi, malo ali onse pa dziko lapansi amakhala ndi usana wa maola pafupifupi 4,400. Kumene usana umatalika kwambiri m'nyengo imodzi, umafupika kwambiri m'nyengo ina, cotero pa caka conse maolawo amafanana. Cimene cimasiyanitsa malo ndi mitambo, nkhungu ndi utsi zimene zimabisa dzuwa.

Tione mizinda iwiri imene inali ya nchito zazikulu kale. Manchester anachuka m'zaka za m'ma 1800 cifukwa ca mafakitale oomba nsalu za thonje. Kabwe, amene kale anali kuchedwa Broken Hill, anachuka cifukwa ca mgodi wa mtovu ndi zinki, umene unatsekedwa mu 1994. Mukafunsa munthu kuti mwa mizinda iwiriyi wa mvula yambiri ndi uti, adzayankha msanga kuti ndi Manchester. Komatu zoyesera mvula zimanena zina. Ku Manchester kumagwa mvula ya mamilimita pakati pa 800 ndi 900 pa caka. Ku Kabwe kumagwa pafupifupi mamilimita 900. Mvula yake ndi yofanana ndithu. Ngakhale m'dziko la Britain momwemo, mizinda ya Cardiff ndi Glasgow imalandira mvula yoposa ya ku Manchester.

Kusiyana kuli pa kagwedwe kake. Mvula ya ku Kabwe imagwa m'miyezi isanu, yamphamvu, ya mabingu, ndipo kawiri-kawiri ikakata dzuwa limatuluka. Ya ku Manchester imagwa pang'ono-pang'ono miyezi yonse 12, ngati mvumbi, pa masiku pafupifupi 150 pa caka. Mphepo yocokera ku nyanja ya Atlantic imabwera ndi cinyontho, nikwera mapiri a Pennines amene ali kum'mawa kwa mzindawo, nipanga mitambo yotuwa imene imakhala masiku ambiri osacoka. Motero ku Manchester dzuwa limawala maola pafupifupi 1,400 pa caka, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a usana wonse. Ku Kabwe ndi ku Lusaka limawala maola pafupifupi 2,900, ndiye kuti magawo awiri mwa atatu. Manchester ndi mzinda wa mitambo, inde, koma si mzinda wa mvula yoculuka. Ici ndi cinthu caciwiri coti tisunge.

Kale mdima wa ku Manchester unali woposa wa lero, ndipo wopanga mdimawo anali munthu. Mafakitale ndi nyumba zinali kusonkha malasha, utsi wake n'kusakanikirana ndi nkhungu, mwakuti m'nyengo yozizira anthu anali kuyatsa nyale masana. Ana ambiri anali kupindika miyendo cifukwa cosowa dzuwa, pakuti thupi limafuna dzuwa kuti mafupa alimbe. Mu 1956 boma la Britain linaika lamulo loletsa utsi wakuda m'mizinda. Kucokera pamenepo, ndiponso pamene mafakitale ambiri anatsekedwa, dzuwa la m'nyengo yozizira linayamba kuoneka kuposa kale.

Tibwerere kwathu, tione mmene caka cimayendera m'cigwa ca Luangwa ndi Zambezi. Mu Juni usana wa ku Feira umakhala wa maola 11 ndi mphindi zowerengeka. Mu Disembala umafika maola 13. Wina angayese kuti dzuwa limawala kwambiri mu Disembala ndi Januwale, popeza usana ndi wautali. Iyayi. Imeneyo ndi miyezi ya dzinja, pamene mphepo ya cinyontho yocokera ku Congo imakumana ndi mphepo zina pamwamba pa dziko lathu, mitambo n'kuunjikana. Ku Lusaka mu Januwale dzuwa limawala maola 5 kapena 6 okha pa tsiku. Mu Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala limawala maola 9 kapena 10. Mwezi wa Julayi, umene timafunda mabulangete awiri, uli ndi dzuwa lambiri kuposa Januwale. Usiku wake umazizira cifukwa comweco: popanda mitambo yofunditsa dziko, kutentha kwa masana kumathawira kumwamba.

Nanga Okutobala? Ndiye mwezi wotentha koposa, pakuti dzuwa lakwera pamutu ndipo nthaka yauma. Koma yang'anani thambo lake: si lobiriwira ngati la mu Meyi. Limakhala lotuwa ndi fumbi ndi utsi wa lupsa, ndipo madzulo dzuwa limafiira lisanafike pa mapiri. Utsi wa moto wa m'thengo umacita kwathu kuno zimene utsi wa malasha unali kucita ku Manchester, ngakhale kuti kwathu umatha ikagwa cizimalupsa.

M'cigwa mitambo ya mvula imacepa kuposa kumtunda. Mphepo ikamatsika kucokera ku mapiri kulowa m'cigwa imatentha, ndipo mpweya wotentha umasunga cinyontho cake osacigwetsa. N'cifukwa cake boma la Luangwa lili m'cigawo ca dziko cimene cimalandira mvula yosakwana mamilimita 800 pa caka, pamene kumpoto kwa Zambia kumagwa yoposa 1,000.

Ana inu, zimenezi si za m'buku mokha. Dzuwa la Juni mpaka Sepitembala ndi cuma ca m'cigwa. Ndilo limaumitsa nsomba, masau, mfutso ndi cimanga. Cimanga coikidwa m'nkhokwe cisanaume cimacita cuku, ndipo cuku cina cili ndi ululu wodwalitsa anthu ndi ziweto. Dzuwa lomwelo limapatsa magetsi: mu 2019 ku Lusaka kunatsegulidwa malo aakulu opangira magetsi a dzuwa ochedwa Bangweulu, a mphamvu ya mamegawati 54. Koma dzuwa likaculuka pa nthawi ya mitambo, limasanduka mdani. Mu Januwale ndi Febuluwale 2024 thambo linayera masabata angapo cimanga cili pafupi kumasula, mbewu zinapserera m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la cilala. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa, magetsi anasowa. Mlimi wa kwa Mburuma kapena kwa Mphuka amene adziwa kuti m'cigwa ng'amba imabwera kawiri-kawiri, sadalira cimanga cokha. Amabzalanso mapira ndi mbewu zoca msanga.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyengo ya kwanu mudzaidziwa mukamaiyang'ana tsiku ndi tsiku ndi kulemba zimene mwaona. Tsalani bwino mpaka sabata la mawa.

ZOCITA PAMBUYO PA PHUNZIRO

Kwa aphunzitsi: cenjezani ana kuti asayang'ane dzuwa ndi maso, pakuti limaononga maso.

1. Konzani chati ca mitambo pa khoma. Ana awiri azituluka pa 8 koloko, pa 12 koloko ndi poweruka, alembe nambala ya mitambo kuyambira 0 mpaka 8.

2. Zikani ndodo yoongoka pabwalo. Pa ola lililonse mwana mmodzi aone ngati ndodo ili ndi cithunzithunzi cooneka bwino. Ngati cilipo, alembe ola limodzi la dzuwa. Pa Cisanu muonkhetse maola a sabata lonse.

3. Masukulu a ku Luangwa ayang'ane ndodo yomweyo m'sabata loyamba la Novembala, 12 koloko itatsala pang'ono kukwana. Cithunzithunzi cidzatsala pang'ono kusoweratu, pakuti dzuwa lidzakhala pamutu peni-peni. Zidzaciticanso kumayambiriro kwa Febuluwale.

4. Sungani machati onse, kuti pakutha pa caka muyerekeze Febuluwale ndi Julayi.

MAFUNSO

1. Cifukwa ciyani ku Feira kumatentha kuposa ku Lusaka?

2. Mvula ya ku Kabwe isiyana bwanji ndi ya ku Manchester?

3. Ndi miyezi iti imene dzuwa limawala maola ambiri m'dziko lathu?

4. Chulani zinthu zitatu zimene zimabisa dzuwa.