Msuku Wosabereka Tisaudule

Ukafika mwezi wa Novembala ndi Disembala, m'misika ya pa Kasungu, Chatoloma ndi Nkhamenya mumadzaza mabeseni a masuku. Ife amene timayendera makomo pa nkhani za umoyo timadziwa phindu la chipatsochi. Chimapsa pamene nkhokwe zayamba kupepuka, chimanga chisanakhwime. Mwana amene wadya masuku odzaza manja awiri wapeza shuga wopatsa mphamvu ndi vitamini C, popanda makolo kutulutsa ndalama. Koma amayi otola masuku akunena kuti chaka ndi chaka ulendo wa kutchire ukutalika. Tiyeni tiudziwe bwino mtengowu usanatithere.

Msuku, umene akatswiri a zomera amautcha Uapaca kirkiana, ndi mtengo wa m'nkhalango za miombo. Umamera pamodzi ndi mombo, tsamba ndi mchenga. Sutalika kwambiri, yambiri imalekeza pakati pa mamita 5 ndi 12. Masamba ake ndi aakulu, okhuthala, ndipo amaunjikana kunsonga za nthambi. Chipatso chake ndi chobulungira, cha khungu lolimba, ndipo mkati mumakhala nthanga zitatu kapena zinayi. Umapezekanso ku Zambia, Mozambique, Tanzania ndi ku Zimbabwe, kumene amati mazhanje.

Chodabwitsa n'chakuti msuku sulira nthaka yachonde. Umakonda m'mitunda ndi m'mbali mwa mapiri, pa dothi lamchenga kapena lamiyala losasunga madzi, pamene chimanga chimakana. Chinsinsi chili kumizu. Mizu yake imakhala pa ubale ndi bowa wa m'nthaka: bowayo amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi chakudya, mtengo nawo n'kumadyetsa bowa. N'chifukwa chake pansi pa misuku timazulapo bowa nthawi ya dzinja. Tikagwetsa misuku, ndiwoyo imapita nayo limodzi.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichidziwa. Monga papaya, msuku ulipo waumuna ndi waukazi. Yonse imachita maluwa m'miyezi ya mvula, koma wobereka ndi waukazi wokha. Tizilombo touluka ndi timene timanyamula ufa wa maluwa kuchokera ku waumuna kupita ku waukazi. Tsono munthu akamafuna mphanda kapena nkhuni, amayang'ana mtengo umene sanauonepo chipatso n'kunena kuti, "Uwu ndi wachabe." Nkhwangwa ikatha ntchito, waukazi uja umatsala wokha, ndipo zipatso zimachepa ngakhale mvula igwe bwino.

Kuno kwathu nkhwangwa sipuma. Fodya wa bale amafuna zigafa, ndipo zigafa zimafuna mphanda ndi mikangala. Fodya wowotcha m'mabani amadya nkhuni zambiri. Mabelo amene amapita ku msika wa Chinkhoma amasiya zitsa kumudzi. Tikaonjezapo makala ndi kutsegula minda yatsopano, tikupeza kuti miombo yeniyeni yatsala m'malo otetezedwa monga Kasungu National Park ndi nkhalango ya Chimaliro, komanso kumanda.

Wina anganene kuti tidzabzala ina. Msuku si bulugamu. Nthanga zake zikauma zimafa msanga, choncho ziyenera kufesedwa zikangochoka m'chipatso. Mbande zimakula pang'onopang'ono, ndipo mtengo wochokera ku nthanga ungathe zaka pafupifupi 10 usanabereke. Pamenepo m'pamene mwini wake amadziwa ngati anabzala waumuna kapena waukazi. Akatswiri a bungwe la ICRAF, pogwira ntchito pa Makoka ku Zomba, anaonetsa kuti kumezanitsa kumafupikitsa nthawiyi, koma mbande zotere sizipezeka m'mudzi uliwonse. Mtengo umene waima kale ndiwo chuma chathu.

Nanga banja lingachitepo chiyani? Posweka mphanje, tisiye misuku, ndipo pagulu lililonse pakhale waumuna. Chitsa cha msuku chimaphukira; tisankhe mphukira imodzi kapena ziwiri zamphamvu, tizilambulire kuti moto wolusa usazipeze. Tiwalangize ana kuti asamagende mtengo kapena kumenya thunthu ndi mwala pofuna kugwetsa masuku osapsa. Zilondazo zimadwalitsa mtengo, ndipo suku lodzigwera lokha ndilo lotsekemera kuposa lovundika. Ofuna kufesa m'machubu asakanize dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, kuti mbande zipeze bowa uja. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala, nthawi yomwe nthanga zatsopano zili mbwee.

Pomaliza, masuku timatola pansi, ndipo nyengo yake ndi yomwe matenda otsekula m'mimba ndi kolera amavuta. Tiwatsuke ndi madzi aukhondo, ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Nthangazo tisazitaye kudzala. Tizifese tsiku lomwelo.