Amakaniko ndi Maphunziro a Pantchito

Anzanga, ambiri a ife anyamata a kwa Kuntaja timati tikatsiriza sukulu tidzakhala amakaniko. Ndifuna kukufotokozerani zimene ndaona m'magalaja a pa Lirangwe ndi a ku Chileka.

Amakaniko achikulire anayamba ngati masipanala boyi, naphunzira ntchito ndi maso. Injini ikalira, khutu lawo lidziwa nthenda yake. Mukawauza za maphunziro angoseka, nati pepala silimasula bawuti. Koma ine ndiganiza kuti chifukwa chenicheni ndi njala. Munthu amene alandira ndalama monga mwa galimoto zimene wakonza tsikulo, akakhala m'kalasi sabata lathunthu, ana ake adya chiyani? Enanso achita manyazi kuphunzitsidwa ndi mnyamata, makamaka m'Chingerezi.

Wolembedwa ntchito pa kampani yaikulu mu Blantyre saganiza chotero, pakuti malipiro ake a pamwezi saima, ndipo satifiketi ingamkweze. Boma linakhazikitsa TEVETA m'chaka cha 1999, ndipo olemba anthu ntchito apereka msonkho wothandiza maphunziro a luso.

Tsono galimoto zasintha zedi. Zambiri zochokera ku Japan zilibe kabureta. Mafuta ayesedwa ndi kompyuta, ndipo chovuta chipezeka polumikiza makina oyezera. Toyota Prius, imene inayamba kugulitsidwa mu 1997, iyendera injini ndi magetsi pamodzi. Batire lake lalikulu lipitirira mavoti 200, ndipo lingaphe makaniko wolikhudza mosadziwa.