Mlimi Wodzidalira ndi Kukula kwa Munda

M'mudzi uliwonse alimo bambo amene adziwa kuti khasu amalitha. Munthu wotere salawirira kumunda mokakamizidwa ayi. Ntchito imamkomera, ndipo mbewu zikamera bwino mtima wake ukondwa. Mnzake wodzikayikira agwa ulesi mizere isanathe.

Koma taonani chimene chichitika m'mwezi wa Seputembala. Bambo uja, pokumbukira nkhokwe yodzaza ya chaka chatha, ati, "Chaka chino ndionjeza maekala awiri." Sawerengera. Mizere ikatalikirana masentimita 75, ya m'ekala imodzi yokha mutailumikiza ipitirira makilomita 5. Mtunda wonsewu khasu liudutsa katatu: pounga mizere, popalira ndi pobandira.

Tsono kupalira sikulinda munthu. Udzu ukasiyidwa masabata atatu chimanga chitamera, ulanda chakudya cha m'nthaka ndipo chimanga chionda. Nyengo yake ndiyo Disembala ndi Januwale, pamene ufa uli kuchepa ndi malungo ali kuchuluka. Apa ntchito ija inali yokoma isanduka goli. Bambo aweruka dzuwa litalowa, msana uli kuwawa, nagona ali kuganiza za ndime yotsala. Kupempha thandizo achita nako manyazi, popeza mudzi wonse umdziwa kuti ngwamphamvu. Mayi, amene sanafunsidwe n'komwe pokuza mundawo, alima chimodzimodzi, nakatunganso madzi ndi kuphika. Ana ajomba kusukulu.

Inu alimi, musanaonjeze munda khalani pansi ndi akazi anu, muwerenge makasu a pakhomo panu. Powerengapo muchotse la agogo ndi a ana a sukulu.