Mwana wanu asamangovomera zonena makina

Makolo, tikati maloboti pano sitikunena magetsi a pamsewu aja ayi. Tikunena makina oyenda ndi kulankhula ngati munthu. Akatswiri akhala akufufuza mmene anthu amakhulupirira makina oterewa, ndipo zomwe adapeza zikukhudza inu ndi ana anu.

M'chaka cha 2016, akatswiri a pasukulu yaukachenjede ya Georgia Tech ku America, mwa iwo Paul Robinette ndi Ayanna Howard, adalengeza zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo ankauza munthu mmodzimmodzi kuti atsatire loboti mpaka kuchipinda china. Kwa theka la anthuwo, lobotiyo idasochera dala isadawafikitse. Munthu ali m'chipindamo, akatswiriwo ankadzaza khonde ndi utsi wongonamizira, belu lochenjeza za moto n'kulira. Apa lobotiyo inkaloza njira yachilendo, kusiya khomo lomwe munthuyo adalowera. Anthu onse 26 adaitsatira, ngakhale aja adaiona ikusochera kanthawi kochepa m'mbuyomo!

Nanga ana? Mu 2018, akatswiri a ku University of Plymouth ku Britain adafalitsa kafukufuku wa ana a zaka 7 mpaka 9. Funso lake lidali losavuta: pa mizere itatu, ndi uti wofanana kutalika ndi wachitsanzo? Ali okha, anawo ankakhoza mayankho 87 pa 100 alionse. Atawakhazika ndi timaloboti titatu toyankha zolakwika dala, adatsika kufika pa 75. Pa mayankho olakwikawo, 74 pa 100 alionse adali ofanana ndi a timalobotito. Akuluakulu sadatengeke nato, koma ana adasiya zomwe maso awo akuona.

Mwina mukuti kwathu kuno kulibe maloboti. Taonani foni ili m'manja mwa mwana wanuyo. ChatGPT ndi mapulogalamu ena otere alibe mikono, koma amayankha mwaulemu, mwachangu komanso mosakayika, ngakhale pomwe aphonya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye mutani? Osamulanda foni mwanayo. Khalani naye, mufunse makinawo zinthu zomwe inu mukuzidziwa bwino, monga mbiri ya mudzi wanu kapena tanthauzo la mwambi. Akaphonya, muonetseni. Mwana amene wagwirapo makina akunama sawaopanso.

Muzoloweretseni kufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" Yankho la homuweki alifananize ndi buku kapena afunse aphunzitsi. Ndipo akakutsutsani mwaulemu pomwe inu mwalakwitsa, muyamikireni. Mwana woletsedwa kufunsa kunyumba sangatsutse makina.

Inunso a pabanja latsopano, khanda likatentha thupi usiku musatenge mlingo wa mankhwala pafoni. Thamangirani kuchipatala. Makina sakumuona mwanayo, sangamuyeze malungo, ndipo zikavuta simudzawapeza pobwalo la milandu ya m'mudzi.

Mudakhulupirira amuna kapena akazi anu chifukwa mudaona ntchito zawo, ankhoswe n'kuchitira umboni. Makina nawo muziwayesa ndi muyeso womwewo: pomwe akhala akukhoza adalireni, pomwe aphonyapo tsegulani maso. Yambani lero mwana akadali wamng'ono, paja kuwongola mtengo mpoyamba.